Mafelemu a mazenera awola pansi: matabwa ndi zina zofunika ndikazipeze kuti?

Mayi wa ku Zomba: Muli bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi vuto la mazenera a nyumba imene anatisiyira malemu bambo athu kuno ku Zomba, chakumtunda kuno m'munsi mwa phiri. Nyumbayi ndi yakale ndithu, mafelemu ake ndi a matabwa. Mazenera atatu a mbali imene mvula imawomba awola pansi, makamaka thabwa logona lija komanso m'makona mmene limakumana ndi oimirira. Ndikabaya ndi sikuludiraiva ikungolowa ngati mu mbatata yophika. Kumtunda konse n'kolimba gwa. Kalipentala amene ndapeza wangondiuza kuti "gulani matabwa, guluu ndi penti," basi, wapita. Tsono matabwa ake ati? Ndikawagule kuti? Ndipo n'chiyaninso china chimene ndiyenera kugula kuti ndisadzabwerezenso ntchitoyi chaka chamawa?

Wowotcherera wa ku Ndirande: Amayi musadzivutitse. Zulani zonsezo tiike mafelemu achitsulo, mabagalabazi ake pomwepo. Chiswe sichidya chitsulo.

Mphunzitsi wa ku Thyolo: Dzimbiri limadya koma, achimwene. Bwerani kuno mudzaone mafelemu achitsulo a m'makalasi athu mmene aliri pansi pake. Chiperoni sichisankha.

Mmisiri wa ku Mchesi: Mayi, musanagule chilichonse tiyambe tadziwa kuti chadya matabwawo n'chiyani, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Tengani chizulo kapena mpeni muboole pamene pafewapo. Mukapeza dothi m'kati, timisewu todzaza matope, thabwa lili gweregwere koma penti pamwamba ali bwinobwino, chimenecho ndi chiswe. Mukaona timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wosalala ukugwa, lafumbwa. Koma ngati thabwa lada, n'lonyowa, likunyenyeka m'timagawo kapena likusosoka ndi chala, ndiye kuwola kwenikweni kobwera ndi madzi. Mutitumizire zithunzi, china cha kunja chosonyeza denga ndi khoma.

Mayi wa ku Zomba: Dothi mulibe. N'lakuda, lonyowa, likununkha chuku. Zithunzi ndi izo.

Mmisiri wa ku Mchesi: Ndaziona. Ndi madzi amenewo. Taonani chithunzi chachiwiri: putty, phala lija lomatira galasi pa felemu, wa pansi pa galasi anagwa kalekale, ndiye madzi otsika pagalasi akumalowa kuseri kwa thabwa. Chinanso, wina anamata simenti mpaka kukwirira mlomo wa thabwa logonalo. Simenti imeneyo yapanga kadziwe, madzi sakutuluka. Ngakhale mutaika thabwa labwino bwanji, mukasiya zimenezo liwolanso. Thabwa siliwola likakhala louma. Nkhungu imene imadya thabwa imayamba ntchito chinyezi cha m'thabwamo chikapitirira 20 pa 100 iliyonse kwa nthawi yaitali.

Agogo opuma a za nkhalango: Mwana wanga, ndikupemphe kanthu kamodzi. Pita pa felemu lomwelo, kumtunda kumene kuli kolimbako, upale penti ndi mpeni mpaka thabwa lionekere, upalenso pang'ono thabwalo, kenako ununkhize. Undiuze mtundu wake ndi fungo lake. Uchitenso chimodzimodzi pa thabwa logona lowolalo, ku mbali imene yatsala yabwino.

Mayi wa ku Zomba: Agogo, ndachita. Kumtunda thabwa ndi lofiirira mopepuka, chachikasu pang'ono, ndipo likununkhira bwino kwambiri, fungo lake lamphamvu mpaka latsalira pa mpeni. Koma logonalo ndi loyera, lili ndi mfundo zambiri, fungo palibe.

Agogo opuma a za nkhalango: Ndimayembekezera zomwezo. Mafelemu ako ndi a mkungudza, sida wa ku Mulanje. Nyumba zambiri zakale za ku Zomba, za nthawi imene boma linali komweko likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, anazimanga ndi mtengo umenewo: mafelemu, zitseko, mitanda ya denga. Uli ndi mafuta ake amene chiswe ndi nkhungu sizigwirizana nawo. Thabwa logonalo si la nyumbayo poyamba. Limenelo ndi paini amene wina anadzaikapo pokonza nthawi ina m'mbuyomu, mwinanso ndi yemweyo anamata simenti ija. Painiyo ndiye wawola, ndipo chinyezi chake chakwera n'kuyamba kuwononga miyendo ya felemu, matabwa oimirira a mkungudza aja. Chonde usalole munthu akuzulire mafelemu amenewo n'kupita nawo ati akukuthandiza kutaya zinyalala. Matabwa amenewo lero sungawapezenso.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Apa ndiye ndakhala chete, agogo alankhula.

Wamaoda onse: Sisi ngati mukufuna sida weniweni ndiyankhuleni kumbali. Pali anyamata ena amatsika naye usiku.

Adimini: Achimwene, zimenezo ayi pa gulu lino. Uthenga wina ngati umenewo ndikuchotsani.

Agogo opuma a za nkhalango: Asachotsedwe asanamve. Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu, anaulengeza choncho mu 1984, ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha pa dziko lonse lapansi. Kudula n'koletsedwa. Mitengo ikuluikulu imene ife tinkaiona tili anyamata inatha ndi macheka omwewo a usiku. Imene ilipo tsopano ndi ing'onoing'ono imene a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira phirilo akhala akudzala. Ndiye munthu akakuuza lero kuti ali ndi thabwa latsopano la sida, pali ziwiri: mwina ndi lakuba, kapena, zimene zimachitika kawirikawiri, ndi saipulesi amene akumutchula sida kuti akwere mtengo. Saipulesi nayenso amanunkhira, osadziwa amapusitsidwa. Lamulo la za nkhalango la 1997 analikonzanso mu 2020, zilango zinakwera, ndipo wopezeka ndi thabwalo pa rodibuloko ndi iwe wogula, osati wodulayo.

Mayi wa ku Zomba: Za usikuzo sindikuzifuna. Ndiye m'malo mwake ndiike chiyani?

Mmisiri wa ku Mchesi: Muyambe mwawerenga kuchuluka kwa matabwa amene mukufuna, muona kuti ndi ochepa. Mazenera atatu, lililonse thabwa logona limodzi ndi tizidutswa tiwiri ta miyendo, mwina masentimita 30 kalikonse. Simukufunika kupita kukagula matabwa a mafiti 18 mtolo wonse. Mukufunika zidutswa zochepa koma zabwino kwambiri. N'chifukwa chake ine ndinganene kuti malo oyamba kufufuza si pa msika wa matabwa, koma kumene kuli matabwa akale. Chitseko chakale cha mlombwa chimene chinathyoka pa mahinjesi, felemu la chitseko la nyumba imene akugumula, miyendo ya bedi lakale, benchi ya tchalitchi imene anaichotsa. Thabwa loti lakhala m'nyumba zaka makumi angapo linauma kale, silidzapindikanso, silidzabwereranso. Ku Zomba kwanuko nyumba zakale akuzikonza kwambiri masiku ano, akuchotsa matabwa kuika aluminiyamu. Yendani mufunse kapitawo wa pa ntchitopo. Nthawi zambiri mafelemu akalewo amangowaunjika kuseri, alonda n'kumasonkhera moto. Mukachita mwayi mupeza mkungudza womwewo, wakale, wopanda mlandu.

Mphunzitsi wa ku Thyolo: Zoona zimenezo. Kuno nyumba za m'maesiteti a tiyi zikamakonzedwa zimatulutsa matabwa oti kalipentala akawaona amameza malovu. Koma muzipempha kwa eni ake, ndipo akulembereni kapepala. Musagule kwa mlonda pa mpanda.

Mayi wa ku Zomba: Nanga akapanda kupezeka akalewo?

Mmisiri wa ku Mchesi: Pitani kwa akalipentala opanga mipando ndi zitseko, osati opanga mabokosi a maliro kapena okhoma madenga. Amenewo amakhala ndi zotsalira za mlombwa ndi mbawa zimene zakhala pa shedi miyezi. Chidutswa cha mita imodzi kwa iwo chilibe ntchito yaikulu, kwa inu ndi chimene mukufuna. Pa mitengo iwiriyi ine pa zenera ndimasankha mlombwa. Subwerera kwambiri ukauma, supindika, ndipo mtima wake chiswe sichiufuna. Mbawa ndi yokongola, imapalika bwino, koma kunja pa mvula siyifika pa mlombwa. Muwanga ndi wolimba kuposa yonseyi koma kalipentala wanu adzakutukwanani mumtima, umabunthitsa pulena.

Chofunika kwambiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amabedwa: thabwa la mlombwa limakhala ndi mbali yofiirira, umene ndi mtima, ndi mbali yoyera ya m'mphepete. Yoyerayo imafumbwa ndi kuwola msanga, ilibe mphamvu ya mlombwa ngakhale pang'ono. Ogulitsa ena amapaka dothi lofiira kapena vanishi wa mtundu kuti thabwa lonse lioneke lofiira. Muuzeni apale kaye ndi pulena inu mukuona, ayang'anenso ku mutu kwa thabwa. Pa thabwa logona pasakhale choyera ngakhale chala chimodzi.

Agogo opuma a za nkhalango: Ndiwonjezere kuti mlombwa, mbawa ndi muwanga nazonso zili pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa. Si kuti kukhala ndi mpando wa mlombwa ndi mlandu, ayi, koma kudula ndi kunyamula matabwa ake kumafuna chilolezo cha Dipatimenti ya za Nkhalango. Ukagula thabwa lathunthu kwa wogulitsa, umufunse mapepala ake ndipo akupatse lisiti. Akayamba kuseka n'kumati "mayi inu mwachokera kuti," udziwe kuti palibe. Ofesi ya za nkhalango ya boma la Zomba ili pafupi nawe, ndipo bungwe lofufuza za mitengo la FRIM lili ku Zomba komweko. Kufunsa salipiritsa.

Wa matabwa ku Zigwagwa: Akuluakulu, mwamunyoza kwambiri paini ngati kuti si thabwa. Dziko lonse lino lafoleredwa ndi paini wa ku Chikangawa. Mayiwa mwina alibe ndalama za mlombwa. Paini wokhwima, wouma, wothiridwa mankhwala, amakhala zaka zambiri pa zenera.

Mmisiri wa ku Mchesi: Mwanena mawu atatu achimwene: wokhwima, wouma, wothiridwa mankhwala. Pa msika lero mungandipezere thabwa limodzi lokhala ndi zitatu zonsezo?

Wa matabwa ku Zigwagwa: Hahaha mwandigwira. Kunena zoona wokhwima akusowa. Nkhalango ya Viphya, ya ku Chikangawa ija, inali ya mahekitala oposa 50,000, anaidzala kuyambira m'ma 1960 poganiza za fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Titayamba kucheka ife mitengo inali ikuluikulu, thabwa la 2 by 6 limatuluka lolemera, mizere yake yothinana. Moto ndi kudula mosadzala zinaimaliza mbali yaikulu. Zimene zikubwera pano zambiri ndi mitengo yaing'ono, thabwa lopepuka, mizere yotalikirana, ndipo amacheka lero mawa lili pa lole. Ukaligwira limazizira m'manja, utomoni uli noninoni. Limenelo pa denga limapirira chifukwa limaumira pomwepo. Pa zenera ayi, ndikuvomereza. Koma makampani aakulu ngati Raiply ali ndi mauvuni oumitsira matabwa, ndipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli ogulitsa paini wothiridwa mankhwala ndi makina. Ameneyo amaoneka wobiriwira pang'ono, ndipo ukamudula mtunduwo umaoneka kuti walowa m'kati, si wongopaka pamwamba.

Namwino wa ku Leeds: Pa paini wobiriwirayo ndichenjeze. Mankhwala ake ambiri ndi otchedwa CCA, muli poizoni wa arsenic. Pa zenera palibe vuto akapakidwa penti. Koma zidutswa zake ndi utuchi wake musasonkhere moto, musawotchere chimanga kapena nyama, phulusa lake musathire m'dimba. Ndikudziwa kwathu chidutswa chilichonse cha thabwa chimathera pa mbaula.

Mayi wa ku Zomba: Zikomo asisi, zimenezo sindimazidziwa. Nanga bulugama? Kuno ndi wambiri ndipo ndi wotchipa. Malainanso alipo.

Mmisiri wa ku Mchesi: Bulugama musiyeni. Amang'aluka, amapotoka akamauma, tsiku lina mudzapeza galasi lasweka lokha usiku. Malaina ndi abwinoko, sapindika kwenikweni ndipo amagwira penti, koma amachedwa kuuma m'kati ndipo pa malo a madzi ngati pamenepo salimba ngati mlombwa. Mukasowa zonse, saipulesi wokhwima, mtima wake, ndi wabwino kuposa paini wamba, bola mugule pa mtengo wa saipulesi.

Kaya mwagula uti, muyeseni ngati wauma. Njira yosavuta kunyumba: dulani kachidutswa, kayezeni pa sikelo ya kukhitchini, lembani kulemera kwake pa kachidutswa komweko ndi pensulo, kaikeni pa mthunzi podutsa mphepo. Sabata ikatha kayezeninso. Kakamapepukabe, thabwalo lidakali ndi madzi. Kakaima, lauma. Posunga, musaimike matabwa pa dzuwa kapena kuwagoneka pa simenti. Agonekeni m'khonde, pakati pawo muike timitengo kuti mphepo izidutsa, pamwamba mutsindike ndi njerwa.

Wa hadiweya ku Limbe: Mwamaliza za matabwa? Ndilowepo pa za m'sitolo, chifukwa "guluu ndi penti" amene wanena kalipentalayo ndi mmene anthu amaonongera ndalama.

Guluu woyera wamba amene akalipentala amagula wa m'mabotolo osalembedwa ndi wa mipando ya m'nyumba. Akanyowa amafewa n'kusiya. Muyang'ane pa botolo palembedwe D3 kapena D4, kapena kuti ndi wa kunja wosalowa madzi. Ulipo wina wa polyurethane, wabulauni, amene amachita thovu akamauma. Ameneyo ndi wabwino pa ntchito yanuyi, koma musanalipire mutembenuze botolo muone ngati akuyenda, chifukwa akakhalitsa pa shelefu amaumira m'botolo momwemo. Kabotolo kakang'ono kakukwanirani.

Zomangira mugule masikuluu a brass kapena opakidwa zinki, osati misomali wamba. Msomali ukachita dzimbiri umadetsa thabwa n'kutsegula njira ya madzi.

Putty alipo wa mitundu iwiri, wa mafelemu achitsulo ndi wa matabwa. Munene kuti mukufuna wa matabwa. Mubonyeze paketi ndi chala: akhale wofewa. Akalimba pang'ono amafewetsedwa pomukanda ndi madontho a mafuta otchedwa linseed oil, koma wouma gwa musatenge ngakhale akutsitsireni mtengo.

Penti ndi zitini zitatu, osati chimodzi: pulaimala wa matabwa, nthawi zambiri amakhala wapinki, kenako andakoti, penti wapakati, kenako gloss, penti wonyezimira wa pamwamba. Ambiri amadumpha ziwiri zoyambazo n'kupaka gloss pa thabwa losapaka kanthu, chaka chisanathe akusupuka. Pa mazenera atatu lita imodzi ya chilichonse ndi yokwanira. Onjezani sandipepa wokhakhala ndi wosalala, thinala kapena turpentine malinga ndi zimene zalembedwa pa chitini, ndi kachidutswa ka pulasitiki wakuda wa DPC uja amayala pa maziko.

Mitengo ya katunduyu sindilemba pano. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, mtengo umene ndingakuuzeni lero Loweruka ukhala utasintha. Zambiri mwa zimenezi zimachokera kunja. Funsani masitolo atatu tsiku limodzi musanatulutse ndalama.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Mndandanda wonsewo bwana, ndalama yake si yokwana felemu lachitsulo imeneyo?

Wa hadiweya ku Limbe: Felemu lachitsulo lifunanso red oxide, penti woteteza dzimbiri uja, putty, magalasi atsopano chifukwa akalewo sakwana, simenti, ndi mmisiri wogumula khoma n'kumatanso pulasitala. Muwerengere zonse achimwene, osangoti chitsulo chokha.

Malume a ku Joni: Ine ndimagwira ntchito yokonza nyumba kuno ku Johannesburg. Mafelemu ambiri kuno ndi a mtengo wotchedwa meranti, nawonso amawola pansi pomwepo. Pamene pangofewa pang'ono sitidula, timakumba chowolacho, kuumitsa, kuthira mankhwala olimbitsa thabwa, kenako kumata epoxy ya matabwa, phala lotsekera mabowo limene limalimba likauma. Ngati mukufuna nditha kupatsira wa basi.

Mnyamata wa pa garaja: Bwanji osangomata bodefila wa magalimoto? Amauma mphindi zochepa, mukwecha, mupaka penti, palibe angadziwe.

Mmisiri wa ku Mchesi: Adzadziwa ikadzagwa mvula yachiwiri. Thabwa limafufuma dzinja, limabwerera chilimwe. Bodefila sayenda nalo limodzi, ndiye m'mphepete mwake mumatseguka kamng'alu, madzi amalowa n'kukhala kuseri kwake, thabwa n'kumawola mobisika. Epoxy imene akunena amalume ndi yabwino pa kabowo kakang'ono, kokwana chala. Koma pa zithunzi za mayiwa thabwa logona latha pafupifupi lonse, palibe chomatapo. Pamenepo ndi kudula ndi kulumikiza basi. Amalume, mukafuna kuwathandiza atumizireni guluu wabwino, ndi amene amavuta kupeza weniweni kuno.

Malume a ku Joni: Ndamva akulu. Mayi mundiuze kumbali.

Mphunzitsi wa ku Thyolo: Palibe amene watchula oyilo wakuda. Kwathu mitengo ya khola timapaka ameneyo, chiswe sichiyandikira.

Wa hadiweya ku Limbe: Pa khola ndi pa mpanda zili kwa inu aphunzitsi. Pa zenera la chipinda chogona ayi. Penti sagwira pa oyilo wa galimoto, guluunso sagwira, fungo lake silitha, ndipo dzuwa likawomba amatuluka n'kudetsa khoma ndi makatani. Chimodzimodzi Solignum wakuda uja: ndi mankhwala abwino otetezera matabwa, koma amatulukira pa penti woyera. Mupakeni ku mbali yokhayo imene igone pa njerwa, yosaoneka. Ku mbali zopaka penti funsani mankhwala osadetsa amene alembedwa kuti penti amagwira pamwamba pake, ndipo mudikire aume kaye.

Namwino wa ku Leeds: Chinanso cha umoyo, pepani ndachulutsa. Nyumba ya zaka zimenezo penti wake wakale wa oyilo kawirikawiri amakhala ndi mtovu. Fumbi lake ndi loopsa kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, limaononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Kalipentala asakweche pouma kapena kuwotcha pentiyo ndi moto. Anyowetse kaye, apale, zopalazo zigwere pa pepala kapena pa thumba, muzikulunge mukataye kutali ndi nkhuku ndi ana. Pansi mukolope, osasesa.

Mayi wa ku Zomba: Ndili ndi adzukulu awiri m'nyumba muno, ndiye ndamva ndithu. Bambo a ku Mchesi, kalipentala wangayu ndi mnyamata, ntchito yake ya makabati ndi yabwino koma ndikuona ngati zolumikiza mafelemu sanazichitepo. Ndimuuze chiyani kuti asandione ngati ndikumuphunzitsa ntchito?

Mmisiri wa ku Mchesi: Muuzeni kuti ndi malangizo a malume anu a ku Lilongwe, sakwiya. Ayambe wachotsa magalasi bwinobwino n'kuwalemba manambala, chifukwa magalasi a nyumba zakale safanana ndendende. Agumule simenti ija. Adule mwendo uliwonse kupitirira pamene pathera chowola, alowe m'thabwa labwino masentimita 5 kapena 10, asaumire. Kadulidwe kake kasakhale kopingasa. Adule mopendeka, kutsetserekera kunja, kuti madzi akafika pa mlumikizo azitsika m'malo molowa, komanso guluu apeze malo aakulu ogwira. Chidutswa chatsopano achiseme mofanana, apake guluu mbali zonse ziwiri, amange ndi kalampa, alowetse masikuluu awiri ataboola kaye, mitu yake ibisike.

Thabwa logona latsopano likhale lotsetsereka kunja, litulukire kupitirira khoma pang'ono, ndipo kunsi kwake, pafupi ndi mlomo, akumbe kangalande kakang'ono m'litali monse. Kangalande kameneko ndi kamene kamadula madzi kuti adonthe pansi asabwerere ku khoma. Akalipentala ambiri a masiku ano sakadziwa, ena akakapeza pa zenera lakale amakatseka ndi putty poganiza kuti ndi mng'alu.

Asanalowetse thabwalo, alipake pulaimala mbali zonse, kuphatikizapo kunsi ndi kumbuyo kumene sikudzaonekanso. Ku mitu kumene adula apake kawiri kapena katatu, chifukwa thabwa limamwa madzi kwambiri kudzera ku mitu. Pamene pakhale guluu pokha ndi posapaka. Pakati pa njerwa ndi thabwa ayale DPC. Mokhala galasi namonso apake pulaimala asanaike putty, apo ayi thabwa limayamwa mafuta a putty n'kumusiya akung'ambika. Putty akaikidwa mudikire sabata imodzi kapena ziwiri achite khungu, ndiye mupake penti, ndipo pentiyo akwere pagalasi pang'ono, mamilimita awiri, kuti atseke mpata. Adzukuluwo muwauze asamakolokose putty ndi zala, amakoma kuseweretsa akadali wofewa.

Agogo opuma a za nkhalango: Ndipo usachedwe. Ino ndi nthawi yake, Ogasiti mpaka Okutobala, matabwa ndi khoma zili zouma. Ku Zomba mvula ikayamba mu Novembala supezanso masiku oti guluu ndi penti ziume bwino. Uyang'anenso m'mwamba: pa chithunzi chako choyamba gatala wapindika pamwamba pa zenera lapakati. Madzi onse a denga akukhuthukira pamenepo.

Mayi wa ku Zomba: Ndabweranso ndi nkhani. Ndinayenda monga munanenera. Pa nyumba ina imene akuikonza chakumunsi kuno eni ake andigulitsa felemu lakale la chitseko, anali ataliponya pa mulu wa zinyalala. Tapala, ndi mlombwa, wofiira mbali zonse, ndipo andilembera kapepala. Kalipentala wayeza akuti miyendo yake iwiri itulutsa matabwa ogona awiri, ndipo thabwa la pamwamba litulutsa tizidutswa ta miyendo. Latsala logona limodzi. Vuto ndi loti felemuli lili ndi mabowo a misomali yakale komanso pamene panali loko.

Mmisiri wa ku Mchesi: Mwapeza chinthu chabwino. Misomali ayizule yonse asanaike pulena, ayendetse maginito pa thabwa kuti apeze yothyokera m'kati. Mabowo ang'onoang'ono aboole bwino n'kukhomeramo timitengo ta mlombwa womwewo ndi guluu. Mbali ya loko ayiyang'anitse pansi kapena ayidule igwere ku zotsalira. Logona lachitatulo musathamange nalo, funsani kwa opanga zitseko pa msika wa Zomba kapena ku Chinamwali. Muyeze utali, mulifupi ndi kunenepa kwa lakalelo, muwonjezere masentimita 10 m'litali ndi theka la sentimita m'mbali zinazo kuti apeze popala.

Wa matabwa ku Zigwagwa: Likakanika kupezeka mundiuze, ndili ndi saipulesi amene wakhala pa shedi chichokereni chaka chatha. Ndi saipulesi, agogo, sindinanene kuti sida.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Gatala uja ndiye ndi wanga amayi. Mutumize muyezo wake ndi chithunzi cha mabulaketi.

Mayi wa ku Zomba: Ndiyeza mawa m'mawa mwana akabwera ndi makwerero. Bambo a ku Limbe, pulaimala wapinki ndamupeza koma andakoti akuti watha, alipo wa madzi yekha. Ndingapake ameneyo pansi pa gloss wa oyilo?

Wa hadiweya ku Limbe: Werengani kumbuyo kwa chitini. Ngati palembedwa kuti ndi wa matabwa, wa kunja, ndipo amalola penti wa oyilo pamwamba, tengani, koma pulaimalayo ayambe wauma tsiku lathunthu ndipo mumukweche pang'ono. Ngati ndi PVA wa makoma amene akungomutchula andakoti, musiyeni, pakani pulaimala kawiri kenako gloss kawiri. Munditumizire chithunzi cha chitinicho musanalipire.